Phunziro la Mapanga pa Dzenje la Chingwe

Tinanyamuka pa Chinamwali kusanayere bwino,
lole ya bambo Saizi ikutsokomola utsi,
ana a Fomu 3 makumi atatu ndi asanu
atapanikizana ngati mitolo ya nkhuni.
Ine kope la jogalafe lili m'khwapa,
manambala nditawaloweza ngati katekisimu.

Msewu wa Ku Chawe ukupindika ngati njoka yomenyedwa,
ndinafuula kuposa injini:
Ku Amereka kuli phanga lotchedwa Mammoth,
njira zake zapansi mutazilumikiza
mukhoza kuchoka pa Zomba pano,
kudutsa Lilongwe, kukafika ku Mzuzu
osaliona dzuwa ngakhale kamodzi.
Lembani!

Ku mapiri a Caucasus kuli lina
lozama kuposa msinkhu wa phiri lino,
kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere
mpaka pa nsonga ya Malumbe.
Otsikamo amagona m'njira, chingwe chili m'chiuno.

Ndipo ku Vietnam, ana inu,
phanga lili ndi mtsinje wake,
nkhalango yake, mitambo yakeyake.
Lembaninso!
Koma iwo maso anali pa mbale za mabulosi
zimene anyamata ankathamanga nazo pambali pa lole.

Tinafika nkhungu itakuta mapaini.
Che Amidu, wotilondolera, anatambasula ndodo:
Ndi pano.

Kukamwa kwakuda pakati pa zitsamba,
miyala yonyowa, ndere, fungo la dothi lakale.
Lemani anaseka mpaka kugwira maondo:
Aphunzitsi, mafuta onse aja tathera kameneka?
Chitsime cha kwathu chikuposa apa!
Anatola mwala, anzake natolanso,
kuponya, kutchera khutu, kuwerenga,
wani, thuu, firii,
kenaka phi! kutali, ngati munthu wakhosomola m'nyumba yotseka.

Che Amidu anadikira phokoso lithe.
Amati kale ankaponyamo akhate, anatero,
ndi amene mitu yawo inasokonekera.
Amati mafupa ankakatulukira kumunsi,
kumene madzi amatsikira ku Namitembo.
Ine sindinaone. Ndikungopereka zimene ndinalandira.
Tsopano miyala ya alendo yalidzaza,
chaka chilichonse likufupika.

Pamenepo ndinamuona Asiyatu,
uja wokhala kumbuyo, wosakweza dzanja chaka chonse,
ataima yekha, mwala uli m'manja.
Ponya, iwe! anzake anamukuwa.
Iye anayang'ana pansi, mawu ali aang'ono:
Amalume anga alibe zala.
Amapota khonje ndi zikhatho, pa ntchafu,
chingwe chawo sichiduka.
Akanabadwa kale,
mwala uwu ukanagwera pamutu pawo.

Mphepo yokha ndiyo inayankha.

Ndinatsegula kope langa.
Muli mzere wa lalitali, mzere wa lozama,
mzere wa lalikulu kuposa onse,
mamita, makilomita, mayiko, zaka.
Mulibe mzere wa phanga
limene mwana angaime pakamwa pake
n'kumva dzina la m'bale wake likuitanidwa pansi.
Ndani anabwera ndi tepi yoyezera zimenezo?
Mayeso a boma adzafunsa mamita,
ndipo ine ndidzawaphunzitsa mamita,
poti ndiyo ntchito imene ndimalandirira.

Potsika palibe anaimba.
Mabuleki ankalira, tauni ikuyatsa magetsi mmodzimmodzi,
Lemani atagona pa phewa la mnzake,
milomo ili yofiira ndi mabulosi.

Lolemba m'mawa ndinaupeza pa tebulo langa,
mwala uja, ndere itauma mbali imodzi.
Sindinafunse, nayenso sananene.
Ndimapsinjira mapepala a mayeso
mphepo ya kuphiri ikalowera pa zenera losweka,
ndipo masiku ena, ana akatuluka,
ndimaunyamula m'dzanja
kuyesa kulemera kwake.